Kusintha ndege panjira muli ndi ana aang'ono: mmene mungakonzere ulendo

Makolo ambiri akamaganizira ulendo wakunja ndi mwana, nkhawa yawo imakhala pa maola amene adzakhale m'mwamba. Kodi adzalira usiku wonse? Oyandikana nawo mpando adzatiyang'ana ndi diso lotani? Ine ndayendapo ndi ana kangapo, poyamba ndi khanda limodzi, kenako ndi awiri, ndipo ndinapeza kuti m'ndege simuvuta kwambiri poyerekeza ndi pansi. M'ndege mwakhala pampando, chimbudzi chili pafupi, madzi mukapempha akupatsani. Ulendo umasokonekera pabwalo lapakati, pamene mwatsika ndege yoyamba ndipo mukusakasaka yachiwiri, mwana wina ali kumsana, wina wakhala pansi akukana kuyenda, chikwama chikukudulani phewa, nthawi nayo sikudikira. Choncho ulendo wonse muukonze kuyambira pamalo amenewo. Mtengo wa tikiti ubwere pambuyo.

Choyamba, tikiti ikhale imodzi

Mukamafufuza maulendo pa intaneti mudzaona mitengo ina yotsika mokopa. Musanakondwere, onetsetsani ngati ulendowo uli pa tikiti imodzi kapena ndi matikiti awiri amene wogulitsayo wangowalumikiza. Kawirikawiri pamakhala mawu akuti self-transfer, olembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Tanthauzo lake n'lakuti pabwalo lapakati mudzadzionera nokha. Mudzadutsa kwa a zolowa ndi kutuluka ngati munthu amene akulowa m'dzikomo, mudzadikira masutikesi, mudzawakoka mpaka kukauntala ya kampani yachiwiri, mudzaimanso pamzere, mudzasechedwanso. Zonsezo ana ali m'manja. Ndipo ndege yoyamba ikachedwa mpaka yachiwiri n'kukusiyani, kampani yachiwiriyo ilibe nanu mlandu. Kwa iwo ndinu munthu amene sanabwere, basi. Matikiti atsopano mugula ndi ndalama zanu, yanu ndi ya mwana aliyense, pamtengo wa tsiku lomwelo.

Ulendo wa tikiti imodzi uli ndi nambala imodzi ya booking, ija ya zilembo ndi manambala 6, ndipo ndege zonse zimaoneka pansi pa nambala imeneyo. Masutikesi amalembedwa mpaka kumene mukupita, simuwaonanso panjira. Mukaphonya ndege yachiwiri chifukwa yoyamba inachedwa, kampani ndiyo imakupezerani malo pa ndege yotsatira popanda kulipiranso. Sikuti ndege zonse ziyenera kukhala za kampani imodzi. Makampani ali m'magulu: Ethiopian Airlines, Turkish Airlines ndi Lufthansa ali mu Star Alliance, Kenya Airways, KLM ndi Air France ali mu SkyTeam, pamene Qatar Airways ndi British Airways ali mu oneworld. A gulu limodzi amapatsirana apaulendo ndi katundu mosavuta. Koma werengani pamene palembedwa kuti operated by, chifukwa kampani imene yakugulitsani tikiti nthawi zina si imene idzakuulutseni, ndipo malamulo a mipando, chakudya cha ana ndi chikuku cha mwana amatsatira eni ndegeyo.

Chinthu china: musadumphe gawo lililonse la tikiti. Mukapanda kukwera ndege imodzi, makampani ambiri amafufuta magawo onse otsala, ngakhale a ulendo wobwerera.

Nthawi ya pakati muiwerengere ndi miyendo ya mwana

Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa imene amaloleza kuti munthu asinthire ndege, ndipo kompyuta sigulitsa tikiti imodzi yokhala ndi mpata wochepera pamenepo. Pamabwalo ena nthawiyo sikwana ngakhale ola limodzi. Koma nthawi imeneyo anayezera munthu wamkulu, woyenda yekha, wodziwa njira, amene ndege yake yatera panthawi yake. Inu simuli munthu ameneyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa tikiti pakuoneka maola 2 pakati pa kufika ndi kunyamuka. Chotsanipo mphindi 20 kumapeto, chifukwa mageti ambiri amatsekedwa mphindi 15 kapena 20 ndege isananyamuke. Chotsaninso mphindi 20 kumayambiriro, chifukwa muli ndi ana mudzatuluka m'ndege pomalizira, mutatolera nsapato, botolo ndi chidole pansi pa mipando. Ndege ikaima patali, pamakhalanso basi yokutengani. Mwatsala ndi ola limodzi ndi mphindi 20. Ngati chikuku amabwezera pakhomo la ndege, mwina mudikira mphindi 10. Posechera pakhoza kukudyerani theka la ola, makamaka poti mkaka wa mwana amaupima padera. Kuyenda kukafika kugeti lina pabwalo lalikulu ngati la Istanbul kapena Dubai, ndi mwana wa zaka 3, ndi mphindi 20 kapena kuposa. Mwana sanapite kuchimbudzi, thewera silinasinthidwe, palibe amene wamwa madzi, ndipo mwatsala ndi mphindi 20. Tsono ndege yoyamba ichedwe ndi theka la ola, zomwe zimachitika tsiku lililonse, ulendo wathera pomwepo.

N'chifukwa chake ine sindigula ulendo wokhala ndi mpata wochepera maola 3 ndikakhala ndi ana. Pamene pali kudutsa kwa a zolowa ndi kutuluka kapena kusintha terminal, kutanthauza kupita kunyumba ina yokwerera ndege pabwalo lomwelo, ndimafuna maola 4. Kupitirira maola 6 kumabweretsa vuto lina, lotopa ndi kunyong'onyeka, ndipo pamenepo ndi bwino kuganizira zogona. Makampani ena, monga Ethiopian Airlines, Emirates ndi Turkish Airlines, amapereka hotelo kwa odikira nthawi yaitali ngati panalibe ndege ina yapafupi, koma pali malamulo ake okhudza maola ndi mtundu wa tikiti, ndiye funsani musanalipire. Mabwalo ena ali ndi hotelo mkati mwenimweni, yolipira pa maola, yosafuna kutuluka m'bwalo. Maola 5 a tulo pabedi amasintha mwana kukhala munthu wina.

Samalani ndi nthawi zolembedwa pa tikiti. Iliyonse ndi nthawi ya malo amenewo, osati ya kumene mwachokera, ndipo chizindikiro cha +1 chikutanthauza tsiku lotsatira. Ndege yonyamuka 00:30 Lachitatu imafuna kuti mufike pabwalo Lachiwiri usiku. Anthu ambiri aphonyapo ndege chifukwa cha kanthu kameneka.

Yang'ananinso ngati ndege yachiwiriyo ndi yomaliza tsikulo. Njira imene pamauluka ndege zingapo patsiku imakhululuka mukachedwa. Imene pamauluka ndege imodzi, kapena katatu pa sabata, ikakusiyani mugona pomwepo.

Bwalo losinthira

Kusintha kamodzi kumaposa kusintha kawiri, ngakhale mtengo ukwereko. Kusintha kulikonse ndi kutsitsa ana, kusechedwa, kukweranso, ndi makutu kupwetekanso potera.

Onetsetsani kuti mukutera ndi kunyamukira pabwalo limodzi. London ili ndi Heathrow ndi Gatwick, Paris ili ndi Charles de Gaulle ndi Orly, New York ili ndi JFK, Newark ndi LaGuardia. Ulendo wotera pa lina n'kunyamukira pa lina umafuna kulowa m'dziko, kutenga katundu yense ndi kudutsa mumzinda pagalimoto. Ndi ana, usiyeni. Ngakhale pabwalo limodzi, ma terminal amatha kutalikirana. Ku Heathrow, kuchoka ku Terminal 3 kupita ku Terminal 5 n'kukwera basi kenako kusechedwanso.

Za nthawi ya tsiku, makolo amasiyana maganizo. Ine ndimakonda kuti gawo lalitali likhale la usiku, ana agone, ndipo kusintha kuchitike iwo ali maso. Chovuta kwambiri n'kutsika ndege 2 koloko usiku ndi ana awiri ogona tulo tofa nato, munthu wamkulu muli nokha. Manja sakwanira. Mabwalo a Doha, Dubai ndi Addis Ababa amakhala ndi ndege zambiri zosinthana usiku ndi m'bandakucha, ndiye yang'anani maola ake bwinobwino.

Zikalata: apa m'pamene anthu amabwezedwa

Gawo ili lichiteni musanagule tikiti, osati pambuyo. Mwana aliyense, ngakhale wa masabata awiri, amafunika pasipoti yakeyake, ndipo kumene kukufunika viza amafunikanso viza yakeyake. Mapasipoti a ana m'mayiko ambiri amatha msanga kuposa a akuluakulu, kawirikawiri pa zaka 5, ndiye musaganize kuti poti yanu ili bwino ya mwana ilinso bwino. Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene anthu amadutsa pamalire apakati pawo osaonetsa pasipoti, amafuna miyezi 3 kuchokera tsiku limene mudzatulukemo. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo.

Tsono nkhani ya viza yodutsira. Anthu ambiri amaganiza kuti poti sakutuluka m'bwalo ndiye safunika chilolezo cha dziko limenelo. Nthawi zina n'zoona, nthawi zina ayi, ndipo zimatengera pasipoti imene muli nayo.

Ku United States kulibe zongodutsa. Aliyense wotera kumeneko, ngakhale akupitirira ku Canada kapena ku Mexico, amadutsa kwa a zolowa ndi kutuluka pabwalo loyamba, ndipo ayenera kukhala ndi viza, kapena chilolezo cha pa intaneti chotchedwa ESTA ngati dziko lake lili m'gulu lololedwa. Pamaulendo ambiri masutikesi mumawatenganso pabwalo loyambalo, n'kudutsa nawo pa kasitomu, n'kuwaperekanso, ngakhale tikiti ili imodzi. Mukatera ku Washington kapena ku Atlanta n'kumapitirira mumzinda wina, ikani maola 4 osachotsera.

Ku Britain nzika za mayiko ena zimafunika viza yotchedwa Direct Airside Transit Visa ngakhale zisakutuluka m'bwalo. Ku Schengen kulinso viza yodutsira pabwalo ya nzika za mayiko ena, koma msampha waukulu uli pena. Mukasintha ndege kawiri mkati mwa Schengen, tinene ku Frankfurt kenako ku Paris, ulendo wapakatiwo umawerengedwa ngati wam'kati mwa dziko. Ndiye kuti mwalowa mu Schengen, ndipo mukufunika viza yonse yolowera, ngakhale mukupita kwina. Komanso ngati mukupita ku Rome kudzera ku Amsterdam, mapasipoti amaonedwa ku Amsterdam, osati ku Rome. Mzere umenewo uwerengereni m'nthawi yanu.

Ogwira ntchito pakauntala amaona malamulowa m'kaundula wotchedwa Timatic wa IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, ndipo akaona kuti chikalata china chikusowa sakukwezani n'komwe, chifukwa kampani imalipitsidwa chindapusa ikanyamula munthu wopanda zikalata. Inunso mukhoza kufufuza pa tsamba la IATA Travel Centre kapena la kampani ya ndege, n'kutsimikiza ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Malamulo amenewa amasinthasintha. Musadalire zimene mnzanu anakumana nazo chaka chatha.

Ngati mukuyenda nokha ndi ana, tengani kalata ya kholo linalo yovomereza ulendowo, yosainidwa pamaso pa loya kapena komishonala wa malumbiro, pamodzi ndi fotokope ya pasipoti yake. Tenganinso kalata ya kubadwa ya mwana yoonetsa mayina a makolo onse awiri. Ngati kholo linalo linamwalira, tengani kalata ya imfa, ndipo ngati khoti linakupatsani ana, chikalata cha khoti. South Africa inakhwimitsa malamulo amenewa mu 2015 pofuna kuthana ndi kuzembetsa ana, n'kuwafewetsako mu 2019 kwa ana akunja oyenda ndi makolo awo, koma mayiko ena oyandikana nayo amafunsabe, ndipo ofesala aliyense ali ndi ufulu wofunsa akaona dzina la mwana likusiyana ndi lanu. Mapepala amenewa salemera. Ine ndimayenda nawo ulendo uliwonse, ngakhale kumene sanatchule.

Pomaliza, katemera wa yellow fever. Mayiko ambiri amafuna kabuku kachikasu kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pabwalo la ndege la dziko limene kuli matendawa, ndipo Kenya ndi Ethiopia ali pamndandanda umenewo. Choncho kudikira nthawi yaitali ku Nairobi kapena ku Addis Ababa kukhoza kubweretsa funso kumene mukupita. Katemerayu amaperekedwa kuyambira miyezi 9, chikalata chake chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 chimakhala cha moyo wonse. Khanda losakwana miyezi 6 silibayidwa. Mayiko ena amayamba kufunsa chikalatachi mwana akakwana miyezi 9, ena akakwana chaka.

Mipando, kabedi ka khanda ndi chakudya

Mwana wosakwana zaka 2 akhoza kukhala pamiyendo panu. Pamaulendo akunja makampani ambiri amalipiritsa pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa wamkulu, n'kuwonjezerapo misonkho. Akakwanitsa zaka 2 muli kumeneko, pobwerera afunika mpando wakewake, ndiye nenani zimenezo pogula. Munthu wamkulu mmodzi amaloledwa khanda limodzi pamiyendo. Ngati muli ndi mapasa ndipo muli nokha, wachiwiriyo mumugulira mpando ndipo akhale m'kampando ka m'galimoto kovomerezeka pandege. Ngati muli akuluakulu awiri, aliyense ndi khanda lake, mwina sadzakukhazikani pamzere umodzi, chifukwa zopumira mpweya zapadera zimakhala zowerengeka pamzere uliwonse. Mizere ya pakhomo lothawira ngozi salola ana.

Kabedi ka khanda, kamene amati bassinet, kamakolekedwa pakhoma la kutsogolo kwa mzere. Timakhala tochepa m'ndege, ndipo tili ndi malire a kulemera, kawirikawiri pafupifupi makilogalamu 10 kapena 11, komanso a kutalika. Imbani foni tsiku lomwe mwagula tikiti. Chofunika kukumbukira pa ulendo wosintha ndege n'chakuti chilichonse chimapemphedwa pa gawo lililonse palokha: kabedi, mipando yoyandikana, chakudya cha ana. Kupatsidwa pa ndege yoyamba sikutanthauza kuti alemba pa yachiwiri, makamaka ikakhala ya kampani ina. Chakudya cha ana chimafuna kupempheratu maola 24 ulendo usanachitike, kwina 48. Tsegulani booking yanu patatsala masiku angapo muone ngati zonse zikadalipo, chifukwa akasintha mtundu wa ndege mipando imamwazika.

Pamipando pali kusankha. Kutsogolo mumatuluka msanga, zomwe zimathandiza nthawi ikakhala yochepa. Mzere wa pakhoma uli ndi malo otambasulira miyendo, koma zotsamira mikono zake sizitukuka, ndiye mwana wa zaka 4 sangagone atatsamiritsa mutu pamiyendo panu, ndipo chikwama chimayenera kukhala m'mwamba ponyamuka ndi potera. Ngati simukufuna kabedi, mzere wamba ndi wabwino.

Chikwama cha m'manja chikhale cha maola 24

Longedzani ngati kuti masutikesi sadzafika ndipo mudzagona pabwalo lapakati. Mwina sizichitika, koma zikachitika chikwama chimenechi n'chimene chidzakusungeni. Matewera awerengereni maola onse a ulendo, kuchokera pakhomo mpaka pakhomo, kenako wonjezerani a tsiku lina lathunthu. Zovala zosinthira mwana aliyense ziwiriziwiri, ndi malaya amodzi anu, chifukwa mwana akasanza amasanzira inu. Mapepala apulasitiki oikamo zonyowa. Juzi, poti m'ndege ndi m'mabwalo mumazizira. Mankhwala onse amene mwana amamwa akhale m'manja, m'mabotolo ake enieni, ndi kalata ya dokotala ngati ndi a nthawi zonse. Mabatire otchajira foni saloledwa m'masutikesi opita kunsi kwa ndege, ayenera kukhala nanu.

Lamulo la zamadzimadzi pamabwalo ambiri ndi mabotolo osaposa mamililita 100, onse m'kathumba kamodzi koonekera mkati ka lita imodzi. Mkaka ndi chakudya cha khanda amaloleza kupitirira pamenepo, pamlingo woyenera ulendo, bola mwana ali nanu. Zitulutseni m'chikwama n'kuziika poyera musanafunsidwe. Koma kumbukirani kuti pabwalo lapakati mukhoza kusechedwanso, ndipo madzi amene munagula pabwalo loyamba kapena amene anakupatsani m'ndege akhoza kulandidwa. Tengani mabotolo opanda kanthu, mudzathiremo mukadutsa. Mkaka waufa umayenda bwino kuposa wosungunula kale.

Chikwamacho chikhale chobereka kumsana kapena chopachika, manja anu akhale opanda kanthu. Mapasipoti ndi ma boarding pass, timapepala tokwerera ndege, akhale m'kachikwama kakang'ono kosachoka pathupi panu, ndipo zikalata zonse muzijambule pafoni.

Nkhani ya chikuku ndiyofunika kuimvetsa. Makampani ambiri amalola kuti muchikankhe mpaka pakhomo la ndege, pamenepo n'kuchitenga kukachiika kunsi. Funso n'lakuti adzakubwezerani kuti. Mabwalo ena amabweza pakhomo la ndege, ena amachitumiza limodzi ndi masutikesi mpaka kumapeto kwa ulendo. Zinandichitikirapo: ndinatsika pabwalo lapakati ndikuyembekeza chikuku, ndinaima pakhomo mpaka onse atatha, kenako anandiuza kuti ndikachipeza kumene ndikupita. Ndinayenda mtunda wonsewo mwana wogona ali m'manja, wina atagwira lamba wa chikwama. Chichokere tsiku limenelo ndimafunsa pakauntala, ndimawerenga kapepala kamene amata pachikukucho, ndipo sindiyenda popanda mbereko. Mbereko silandidwa, sitayika, ndipo imakwera masitepe a ndege. Ku Dubai, Emirates imaika tizikuku tobwereka mwaulere m'bwalo, koma nthawi ya anthu ambiri timatha. Tizikuku tina topindika timaloledwa m'ndege momwemo ngati tikukwana muyeso wa katundu wa m'manja.

Masutikesi opita kunsi muwasakanize. Iliyonse ikhale ndi zovala za aliyense, kuti imodzi ikatsalira pasakhale mwana wosowa chovala.

Tsiku la ulendo

Pakauntala yoyamba pemphani ma boarding pass a magawo onse, ndipo yang'anani zilembo zitatu pa kapepala ka katundu kuti zikusonyeza bwalo lomaliza. Tiziduswa timene akupatsani tisungeni.

Ndege imayamba kutsika patatsala pafupifupi theka la ola kuti itere, ndipo makutu a ana amapweteka kwambiri nthawi imeneyi kuposa ponyamuka. Kumeza kumatsegula makutu, ndiye khanda muliyamwitse kapena mulipatse botolo, wamkuluko mumupatse madzi omwa pang'onopang'ono. Mwana amene ali ndi chimfine chachikulu kapena matenda a m'khutu aonedwe ndi dokotala ulendo usanachitike. Ndipo musamupatse mwana mankhwala ogonetsa kuti asavute. Promethazine ndi woopsa kwa ana osakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kupuma, komanso mankhwala a mtundu umenewu ana ena amawapatsa phuma m'malo mowagonetsa.

Chizindikiro cha malamba chisanayake, chitani zonse zimene mungathe muli m'mwamba: thewera lisinthidwe, wamkulu apite kuchimbudzi, nsapato zivalidwe, zidole zilowe m'chikwama. Ngati ndege yachedwa, uzani ogwira ntchito m'ndege kuti muli ndi ina yoti mukwere. Nthawi zina amadziwa geti lake, nthawi zina amakuthandizani kutuluka msanga.

Mukatsika tsatirani zikwangwani za Transfers kapena Connecting Flights, osati za Arrivals kapena Baggage Claim. Mukalowera kolakwika mudzapezeka pamzere wa olowa m'dziko. Onani geti pa sikirini, chifukwa lolembedwa pa boarding pass limatha kusintha. Ndiye pitani kugetiko kaye, mulione ndi maso anu, mudziwe mtunda wake. Kudya, chimbudzi ndi kusewera zibwere mutadziwa kumene mukukwerera. Posechera funsani ngati pali mzere wa mabanja, mabwalo ambiri ali nawo.

Nthawi yotsalayo ana ayende, athamange, atope. Musawakhazike pampando ndi foni, foniyo muisungire m'ndege. Mabwalo monga Schiphol ku Amsterdam, Hamad ku Doha ndi Changi ku Singapore ali ndi malo osewerera ana ndi zipinda zoyamwitsira. Kumene kulibe, geti lopanda anthu limakwanira. Mwana amene wayamba kuyenda yekha mumuveke chovala chowala, mumujambule m'mawa wa tsikulo, ndipo m'thumba mwake muike kapepala kolemba dzina lanu, nambala ya foni yokhala ndi nambala ya dziko kumayambiriro kwake, ndi nambala ya ndege. Wamkuluko mumuphunzitse kuti akakusowani aime pomwepo n'kuuza munthu wovala yunifolomu.

Mabanja amaitanidwa kukwera koyamba. Ngati muli ndi kampando ka m'galimoto kapena katundu wofuna malo m'mwamba, lowani. Ngati muli akuluakulu awiri, mmodzi alowe ndi zikwama, wina atsale ndi ana mpaka mzere utatsala pang'ono kutha, poti kukwera koyamba kumawonjezera theka la ola kapena kuposa loti mwana akhale womangidwa pampando.

Ndege ikakusiyani, kapena katundu akatsalira

Pa tikiti imodzi, pitani ku transfer desk, kauntala yothandiza osintha ndege, ya kampaniyo. Muli pamzere, yang'anani pa app yawo kapena imbani foni, chifukwa nthawi zambiri kompyuta imakhala itakuikani kale pa ndege ina. Onetsetsani kuti anthu onse ali pa ndege imodzimodziyo, kuti khanda lalembedwanso pa tikiti yatsopano, ndipo pemphaninso mipando yoyandikana, poti zakale zija zafufutika. Funsani za chakudya, za hotelo ngati mugona, ndi kumene masutikesi ali. Nenani momveka kuti muli ndi ana aang'ono ndipo tchulani zaka zawo. Hotelo ikakhala kunja kwa bwalo, nkhani ya viza imabukanso, ndiye funsani zimenezo asanakulembereni.

Ulendo wonyamukira m'dziko la European Union, kapena wopita kumeneko pa kampani ya kumeneko, uli pansi pa lamulo la nambala 261 la 2004. Mukafika kumapeto kwa ulendo mutachedwa maola 3 kapena kuposa, ndipo vuto linali la kampani osati nyengo kapena zina zoposa mphamvu zawo, pali chipukuta misozi cha pakati pa mayuro 250 ndi 600 malinga ndi mtunda, ndipo mwana amene munamugulira mpando amalandiranso. Sungani ma boarding pass ndi malisiti a zonse zimene mwagula podikira.

Sutikesi kapena chikuku chikapanda kutuluka, musachoke m'chipinda cha katundu musanalembetse ku ofesi yake ndi kulandira pepala lokhala ndi nambala ya dandaulo lanu. Pangano la Montreal la 1999, limene mayiko ambiri anasaina, limapereka masiku 7 odandaulira molemba za katundu wowonongeka, ndi masiku 21 za katundu wochedwa, kuwerengera tsiku limene mwamulandira. Matewera, mkaka ndi zovala zimene mwagula podikira katunduyo mukhoza kupempha kuti akubwezereni ndalama zake, bola malisiti alipo. Chikuku muchitambasule n'kuchikankha pomwepo musanatuluke, muone mawilo ndi mabuleki, chifukwa dandaulo la chothyoka limavuta kwambiri mukangodutsa pakhomo lotulukira.